Kamaikulosikopu kolumikiza ku foni: bokosi linandinamiza, koma chakudya cha usipa ndachiona

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Senga Bay. Mu labu yathu muli maikulosikopu imodzi yokha, ndipo galasi lake linachita nkhungu ine ndisanabwere n'komwe. Ukasuzumiramo umangoona ngati mbandakucha wa mu Juni. Choncho chaka ndi chaka ana a Fomu 3 amaloweza pamtima kuti tindere ta m'madzi timadyedwa ndi tizilombo toyandama, tizilomboto timadyedwa ndi usipa, usipa n'kudyedwa ndi ncheni. Amajambula mivi yake bwinobwino m'makope, mayeso n'kukhoza. Koma theka la kalasi ndi ana a asodzi. Amasamba m'nyanja m'mawa uliwonse, mbale amatsukira momwemo, usipa ndiye ndiwo zawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo ndi maso chimene buku limachitcha plankton. Ineyo ndinachiona komaliza ndili ku koleji.

Mu Epulo chaka chatha, ndikufuna chaja mu sitolo ina ya zipangizo za foni ku Area 2 ku Lilongwe, ndinaona kabokosi kolembedwa 1000X ndi zilembo zofiira zikuluzikulu. Mnyamata wogulitsa anati K45,000. Tinanenererana mpaka K38,000, iye akulumbira kuti wandichitira chifundo poti ndine mphunzitsi. M'bokosimo munali kachipangizo kooneka ngati tochi yonenepa, kali ndi timababu 8 tozungulira diso lake, kawilo kopotokola posaka chithunzi, waya wa USB, kachitsulo koimikapo ndi kakhadi kapulasitiki ka timizere toyezera. Kolumikizira ku foni, kaja amati OTG, munalibe. Ndinachita kubwerera pa sitolo yomweyo kukagula paderapo, mnyamata uja osachita manyazi ngakhale pang'ono.

Tiyambe ndi bodzalo. Usiku womwewo ndinaika rula pansi pa diso lake. Kali ndi malo awiri okha pomwe chithunzi chimamveka bwino. Pa malo oyamba umaona mamilimita angapo nthawi imodzi. Pa achiwiri, utagunditsa pafupifupi pa chinthucho, milimita imodzi inadzaza skirini ya foni yanga, yomwe ndi yotalika masentimita 15. Masamu ake ndi a ku pulayimale: kamakuza ka 150, basi. Ukakulitsa ndi zala, chithunzi chimangosanduka phala. Chikomekome cha mkuyu. Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft uja, anatunga madzi m'kanyanja ka kufupi ndi kwawo mu 1674 n'kuonamo tizamoyo ndi galasi limodzi lopera yekha, ndipo magalasi ake ena ankakuza kuposa kanga ka pa foni aka. Zimenezi zinandiwawa kwa masiku awiri.

Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kukaponya m'kabati. Ndinatunga madzi m'botolo pa gombe, ndinadontheza pa galasi, n'kupeza mchenga ndi kaulusi ka chitenje cha munthu. Ndinatunganso, chimodzimodzi. Vuto linali langa, osati la kachipangizo. Nyanja yathu ndi yoyera chifukwa pamwamba pake chakudya n'chochepa, ndipo plankton yake ndi yomwazikana. Dontho limodzi silingakupatse kanthu. Uyenera kusefa madzi ambiri kuti zonse zisonkhane m'kapu imodzi.

Ukonde wosefera plankton sindinaupeze m'sitolo iliyonse yomwe ndinalowa, ndiye ndinapanga. Neti ya udzudzu musavutike nayo: maso ake ndi aakulu, zonse zofunikazo zimangodutsa, imangogwira tiana ta nsomba, n'chifukwa chake a zausodzi amailetsa m'nyanja. Ndinapita kwa bambo wina ku Salima boma amene amadinda malaya a makwaya ndi a mabungwe, ndinapempha chidutswa cha kansalu kosalala kamene amakoka pa felemu podinda. Mayi a kunyumba anachisoka ngati chisoti chosongoka, kukamwa ndinaikako waya wokhuthala, kunsonga ndinamangirako botolo la Sobo lodula pakati. Pa zonse zimene ndinena pano, ichi ndiye chachikulu: popanda kaukonde aka, ndalama zanu mwataya.

Ngakhale nditasefa, panali chopinga china. Timababu 8 tija timawalira kuchokera pamwamba, ndiye pa madzi timangopanga mphete yothobwa m'maso. Tizilombo ta m'nyanjamu tambiri ndi toonekera mkati ngati galasi, kuwala kumangotidutsa. Amene anathetsa nkhaniyi ndi mtsikana wina wa Fomu 3, wosayankhulayankhula m'kalasi, amene anangoti, "Aphunzitsi, bwanji muzimitse magetsi akewo, tiwalitse cham'mbali?" Anayala mpango wakuda pansi pa mbale yagalasi, mnzake anagwira tochi ya foni ina chopendeketsa. Skirini inada bii, kenako munatulukira kanthu kowala ngati siliva, kali ndi diso limodzi lofiira pakati pa mphumi, kakudumpha kamodzi n'kuima, kudumpha n'kuima. Kumbuyo kwake kunalendewera matumba awiri a mazira, uku ndi uku, ngati wakabaza wosenza matumba a chimanga. Kalasi yonse inakuwa. Mnyamata wina anati, "Sa, ndiye kuti timamwa zimenezi?" Ndinati inde, kuyambira uli wakhanda.

Kameneko ndi ka mtundu wa copepod, kotalika pafupifupi milimita imodzi. M'nyanja yathu muli mitundu yochepa chabe ya tizilombo totere, zomwe zimadabwitsa mukaganiza kuti nsomba zake zili mitundu mazanamazana. Kamaikulosikopuka kamatha kusiyanitsa awiri akuluakulu: wa matumba awiri uja, amene mabuku amamutcha Mesocyclops, ndi wina wa tinyanga titalitali topingasa ngati munthu wotambasula manja, wonyamula thumba limodzi, Tropodiaptomus. Tinaonanso Bosmina, kakang'ono zedi, kozungulira, kokhala ndi chitamba chopindika. Ana anakatcha kanjovu ndipo dzinalo lakhazikika. Pa zinthu za msinkhu uwu, kuyambira theka la milimita kupita m'mwamba, kachipangizoka ndikukayamikira ndi mtima wonse. Umaona matumbo akuyenda, umaona miyendo ikupalasa. Kuti kachilombo kakhale phee pomwe ukufuna, chepetsa madzi mpaka atsale ngati thukuta, ndipo dikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyambira Juni tinayamba kusefa kamodzi pa mwezi, malo amodzi, pakati pa gombe ndi chilumba cha Namalenje. Alamu anga ali ndi boti la injini la chilimira, ndipo amatitenga Loweruka m'mawa ndikawagulira mafuta. Tinapanganso choyezera kuyera kwa madzi: chivundikiro cha poto chopaka penti yoyera, mwala pansi pake, chingwe cha mfundo pa theka lililonse la mita. Umachitsitsa mpaka chitasowa m'maso, n'kuwerenga mfundo. Njira imeneyi anaiyambitsa wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, mu 1865, ndipo akatswiri akuigwiritsabe ntchito. Chathu chinatidya K2,000 ya penti.

Apa ndi pomwe ndinakakondera kachipangizoka, chifukwa madzi omwe ndinkawaona ngati amodzimodzi chaka chonse anayamba kusintha nkhope.

Mu Julayi, mwera uli pachimake, tinapita tsiku lomwe unapumako. Madzi anali ozizira, obiriwirako, ndipo titakoka kaukonde mphindi zisanu kanatuluka katamatidwa ndi utoto woterera wa bulawuni. Pa skirini munadzaza timaulusi towongoka, tagolide, tolumikizana ngati mabogi a sitima. Amenewo ndi ma diatom, ndere za selo imodzi zokhala m'kachigoba kagalasi. Alamu anayang'ana n'kunena kuti, "Si matope amenewo?" Ndinawauza kuti chimenecho ndi chakudya cha chambo. Anaseka, koma anayang'ananso.

Chifukwa chake chili chotere, ndipo ndi nkhani yomwe kale ndinkaiphunzitsa mwamwambo chabe. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo kumpoto, cha ku Nkhata Bay kupita mtsogolo, imazama mpaka mamita pafupifupi 700. Madzi otentha ndi opepuka, amakhala pamwamba. Ozizirako amakhala pansi. Kusiyana kwake ndi madigiri ochepa chabe, koma n'kokwanira kuti asasakanikirane. Kupitirira mamita 200 kapena kuposerapo pang'ono kupita pansi, mulibe mpweya wa okosijeni, nsomba sizikhalako. Chilichonse chofa pamwamba chimamira, chimawolera kumeneko, ndipo manyowa ake, phosphorus, nitrogen ndi silica, amatsekeredwa pansi pomwe kulibe dzuwa. Pamwamba pali dzuwa koma palibe manyowa. Zili ngati munda uli kuno, khola la ng'ombe lili kutsidya kwa phiri. Wonyamula manyowawo ndi mwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala, mphepo ya kummwera imeneyi imaziziritsa madzi a pamwamba n'kuwakankhira kumpoto, ndipo kummwera kuno madzi a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Ma diatom ndi olemera chifukwa cha chigoba chija, madzi akadekha amamira. Amafuna madzi ovunduka komanso silica yopangira chigobacho. Mwera umawapatsa zonse ziwiri. N'chifukwa chake mbali ya Mangochi, komwe nyanja ndi yosaya ndipo madzi a pansi amatulukira, ndi komwe kwakhala kuchimake kwa chambo. Mphepo yomwe imagubuduza mabwato ndi kulepheretsa asodzi kulowa m'madzi masiku angapo ndi yomweyo imathira feteleza m'nyanja. Alamu anati zimenezo akazimva bwino tsiku lomwe mwera udzawabwezere injini yawo yomwe inamira.

Koma apa pomwe ndi pamene kamaikulosikopuka kanafika pa malire ake. Timaulusi tija ndinkationa, koma timizere ndi timadontho ta pa chigoba, tomwe akatswiri amasiyanitsira mitundu, sitioneka. Ndikuganiza kuti tambiri tinali Aulacoseira, chifukwa ndiyo imapanga unyolo wotere m'nyanja muno, koma ndikunena kuchokera m'buku, osati kuchokera pa skirini. Wophunzira wa ku yunivesite amene akufuna kuwerenga mitundu ya ndere, asagule aka. Ndipo tizamoyo tochepetsetsa, mabakiteriya ndi tindere tosafika ngakhale mamaikuloni awiri (milimita imodzi ili ndi mamaikuloni 1,000), tomwe m'madzi oyera otere timagwira ntchito yaikulu, timadutsa m'kaukonde ndipo ngakhale titagwidwa sitingaoneke.

Mu Okutobala nyanja inali ngati galasi, kutentha kosaneneka. Chivundikiro chathu chinatsika mamita 9 chikuonekabe. Kaukonde kanatuluka pafupifupi koyera. Ma diatom anali atapita. Kumapeto kwa Novembala tinayamba kuona timadontho tobiriwira tikuyandama pamwamba pa botolo likakhala kanthawi, ndipo pa skirini tinkaoneka ngati timikanda topotana. Izi ndi ndere za mtundu wina, cyanobacteria, zomwe zili ndi timatumba ta mpweya toziyandamitsa, ndipo zina monga Anabaena zimatha kutenga nitrogen wochokera mu mpweya. Madzi akadekha, manyowa atatha, zinzake zitamira, izo ndiye zimalamulira. Ana anazigwira msanga chifukwa ndinawakumbutsa za mtedza ndi nandolo m'munda wosathira feteleza.

Januwale sindikhalitsapo. Linthipe anasefukira, madzi ofiira anafalikira kuchokera cha ku zilumba za Maleri mpaka kwathu, chivundikiro chinasowa chisanathe mita imodzi. Kaukonde kanatsekeka ndi dothi, pa skirini panali fumbi lokhalokha, tizilombo tiwiri titatu tikupalasa movutika. Dothi limenelo ndi minda ya ku Dedza ndi Lilongwe. Limabweretsa phosphorus, inde, koma limatchinga dzuwa, ndipo likakhazikika limakwirira ndere za pa miyala zomwe mbuna zimadya. Nyanjayi madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, odutsa mu Shire ndi ochepa, choncho cholowamo sichituluka msanga. Mnyamata wina wochokera ku Dedza anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana botololo.

Chomwe sindidzaiwala chinachitika mu Febuluwale, mwezi uli mu mdima. Ndinapempha alamu kuti ndipite nawo usiku. Anakana kawiri, ati aphunzitsi mukasanza m'boti anyamata akakusekani mpaka chaka chamawa. Kachitatu analola. Tinapita kutali, kuya kwenikweni. Wa siginala anayatsa mababu ake pa bwato, masiku ano ndi a batire, nyali za parafini zija zinatha, ndipo ife tinadikira usipa kuti usonkhane. Ndinatsitsa kaukonde kanga ndi chingwe chonse chomwe ndinali nacho n'kukakoka pang'onopang'ono. Nditawalitsa botolo, linkaoneka lopanda kanthu, kupatula timadontho takuda tiwiritiwiri tikuyenda tokha m'madzi.

Ndinadikira mpaka kunyumba, cha m'ma 4 koloko m'mawa, maso ali gwa. Pa malo oyamba aja, okuza pang'ono, chinthucho chinadzaza skirini: mphutsi yaitali, yoonekera mkati ngati madzi enieniwo, maso awiri akuda, timatumba ta mpweya tiwiri kutsogolo ndi tiwiri kumbuyo tonyezimira ngati mikanda, ndipo kumutu kuli zokolera zopindika. Inagona chopingasa osagwedezeka, ngati ng'ona. Copepod ina itadutsa pafupi, sindinaone n'komwe mmene zinachitikira, ndinangoiona ili kale mkati. Imeneyi ndi mphutsi ya nkhungu, Chaoborus edulis, tintchentche tija timatuluka m'nyanja ngati utsi wa moto wolusa mwezi ukakhala mu mdima, tomwe anthu a m'mphepete mwa nyanja amakola ndi madengu n'kuumba timikate. David Livingstone analawa timikate timeneti atayenda pa nyanjayi mu 1861. Masana mphutsizi zimathawira pansi kwambiri, kumalire a madzi opanda mpweya komwe nsomba sizingazitsatire, usiku n'kukwera kudzasaka. Timatumba tija ndi tomwe zimakwerera ndi kutsikira. Zimadya chakudya chomwecho chimene usipa ndi utaka umadya, ndipo nazonso zimadyedwa ndi nsomba zikapezeka poyera. Alamu atadzuka masana ndinawaonetsa vidiyo yake. Anaionera katatu. Kenako anati, "Ndiye kuti mnzanga wopikisana naye pa usipa ndi ameneyu?" Zaka 30 ali pa nyanja, nkhungu amaidziwa ikuuluka basi. Ndinawauzanso kuti nkhungu ya m'nyanja yandionetsa zomwe nkhungu ya mu labu inandibisira, koma nthabwala imeneyo inafera pomwepo.

Zodandaula zilipo ndithu, ndipo musazione mopepuka. Kachitsulo koimikapo n'kachabechabe: ukangokhudza kawilo, chithunzi chimathawa, ndipo mwana akatsamira tebulo zonse zasokonekera. Ndinakataya, ndinamangirira kachipangizoka ku sitandi ya mu labu ndi mphira wa chubu cha njinga. Apu yomwe bokosi limakuuza kuti utsitse ndi yodzaza ndi zotsatsa malonda, ndipo imapempha kuona manambala a anthu a m'foni mwako, chinthu chomwe maikulosikopu ilibe nacho ntchito. Ndinaichotsa n'kupeza ina yowerenga kamera ya USB. Pa laputopu sipafunika chilichonse, imangotseguka ngati kamera wamba, ndipo ana 60 amaonera bwino pamenepo kusiyana ndi kuunjikana pa foni. Si foni iliyonse imalola OTG, yesani yanu musanalipire, pa sitolo pomwepo. Batire imatha ngati madzi a m'dengu. Ola limodzi foni yanga imakhala itatentha, yatsala theka, ndiye tsiku lozima magetsi muziyamba mwatchaja. Vidiyo imachedwa pang'ono, kotero kachilombo kothamanga kamaoneka modukaduka. Mchenga wa ku gombe ukalowa m'kawilo, kamalira ngati mphero. Ine ndimasunga m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muli kathumba ka mpunga wouma koyamwa chinyontho, poopa zomwe zinachitikira maikulosikopu yathu yakale.

Waya unaduka mkati, pomwe umalowera, patatha miyezi isanu. Nditapita ku Lilongwe ndinakafunsa pa sitolo paja, anandiuza kuti katundu akatuluka watuluka. Anandilumikizira ndi mnyamata wokonza mafoni pa msika kuno, K3,000, n'kukulunga ndi tepi yakuda.

Ndingagulenso? Inde, ndipo ndauza kale aphunzitsi anzanga awiri a ku Nkhotakota ndi ku Monkey Bay kuti agule, tizisefa tsiku limodzi mwezi uliwonse n'kutumizirana zithunzi pa WhatsApp, tione ngati mwera umayambadi kudyetsa kummwera usanafike kumpoto kwa a ku Nkhotakota. Kwa mphunzitsi, kwa a komiti ya pa gombe, kwa kholo la mwana wokonda kufunsa, n'kokwanira. Kwa wofuna kuyeza magazi, kuona majeremusi kapena kutsimikiza ngati madzi a pa chitsime ndi abwino kumwa, ayi, kameneka sikangakuuzeni chilichonse, ndipo madzi ooneka oyera pa skirini yake akhoza kukhala ndi kolera. Mukamanenerera mtengo, muuzeni wogulitsayo kuti mukudziwa kuti 1000X ija ndi 150, ndipo OTG aikemo pa mtengo womwewo.

Kope lathu lili ndi miyezi 11 tsopano. Mwera wayamba kale kuwomba madzulo, ndipo mtsikana wa mpango wakuda uja, yemwe pano ali Fomu 4, wasoka kaukonde kake kachiwiri kuti tiyerekeze kusefa pamwamba ndi pa mamita 10. Tepi ya pa waya ija yayambanso kumasuka.